Dyera ndi nkhanza m'buku la The Pearl: mlandu uli pa ndani?

Amene adutsa ku sekondale zaka zaposachedwapa amalidziwa buku la The Pearl la John Steinbeck, chifukwa ndi limodzi mwa mabuku amene akhala akuwerengedwa pokonzekera mayeso a MSCE. Ndi kabuku kochepa thupi, ka mitu 6 yokha, koti wakhama atha kukamaliza dzuwa lisanalowe. Ophunzira ambiri amatulukamo ndi mfundo imodzi yoloweza pamtima: dyera ndi loipa, ndipo ndi dyera limene linaphetsa mwana wa Kino. Koma mukawafunsa kuti dyera la Kino linali pati, poti mkuluyu ankafuna kuti mwana wake achire komanso adzaphunzire, mayankho amayamba kusiyana. Ena amati analakwa kukana ndalama zimene anamupatsa. Ena amati amene anali ndi dyera ndi anthu a m'tauni, iye anangokhala nyama yosakidwa. Kusamvanaku sikuchokera ku ulesi wa owerenga ayi. Bukuli lili ndi umboni wa mbali zonse ziwiri, ndipo kuti munthu aliweruze bwino ayenera kuyamba wadziwa kumene linachokera ndi mmene linalukidwira.

Nkhani yake mwachidule ndi iyi. Kino ndi mmphawi wa mtundu wa eni nthaka a ku Mexico, amakhala m'kanyumba ka timitengo kunja kwa tauni ya La Paz ndi mkazi wake Juana ndi khanda lawo Coyotito. Ntchito yake ndi yomira m'nyanja kusaka nkhono zimene mkati mwake mumapezeka ngale. M'mawa wina chinkhanira chikuluma mwana paphewa. Dokotala wa m'tauni akukana kumuona chifukwa Kino alibe cholipira koma tingale 8 tosaoneka bwino. Tsiku lomwelo Kino akuvuula ngale yaikulu ngati dzira la mbalame ya kunyanja. Kuchokera pamenepo akuba akumuzembera usiku, ogula akufuna kumudyera masuku pamutu, iye akumenya mkazi wake, akupha munthu, bwato lake likubooledwa, nyumba ikutenthedwa. Banja likuthawira kumapiri, anthu atatu olondola mapazi ali pambuyo. Kino akuwapha onse atatu, koma chipolopolo cha mmodzi wa iwo chapha kale Coyotito. Awiriwo akubwerera ku La Paz ndi mtembo wa mwana, ndipo Kino akuponya ngale ija m'nyanja.

Kumene nkhaniyi inachokera

Steinbeck anabadwa mu 1902 ku Salinas m'chigawo cha California, ndipo anamwalira mu 1968, atalandira mphotho ya Nobel mu 1962. Pofika 1940 anali atatchuka kale ndi The Grapes of Wrath, buku la 1939 lonena za alimi osauka amene anathamangitsidwa m'minda yawo n'kukasanduka aganyu ku California. M'chaka chimenecho cha 1940 iye ndi mnzake Ed Ricketts, katswiri wa zamoyo za m'nyanja, anachita hayala bwato la asodzi lotchedwa Western Flyer n'kuyenda milungu pafupifupi 6 m'nyanja ya Gulf of California, akutolera tizilombo ta m'mphepete mwa madzi. Ku La Paz ndi kumene anamva anthu akusimba za mnyamata amene anapeza ngale yaikulu, ndipo anailemba nkhaniyi mwachidule m'buku la ulendowo, Sea of Cortez, la 1941.

Mnyamata wa m'nkhani yoyambayo analibe mkazi kapena mwana. Maloto ake anali akuti azimwa mmene angafunire, akwatire mkazi aliyense amene wamukonda, ndipo alipiriretu misa zoti mzimu wake usadzavutike akamwalira. Ogula atamupatsa mtengo wachipongwe anabisa ngaleyo pansi pa mwala. Anamenyedwa, anazunzidwa, ndipo pomaliza anaitukwana n'kuiponya m'madzi.

Yerekezani ndi Kino. Steinbeck anachotsa mowa ndi akazi n'kuikapo ukwati wa kutchalitchi, zovala zatsopano, mkondo wobayira nsomba, mfuti, ndi sukulu ya mwana. Kusinthaku ndi kwakukulu, chifukwa wolemba amene akufuna kungodzudzula dyera akanamusiya mnyamata woyambayo mmene analili. Komanso anawonjezera imfa ya khanda, chilango chimene mnyamata uja sanakumane nacho. Nkhani yatsopanoyi inatuluka koyamba mu December 1945 m'magazini ya Woman's Home Companion pansi pa mutu wakuti The Pearl of the World, ndipo inakhala buku mu 1947. M'nyengo yomweyo Emilio Fernández anaijambula kukhala filimu ya ku Mexico yotchedwa La perla.

Malowo nawo ali ndi mbiri yawo. Mtsogoleri wa Asipanishi Hernán Cortés anafika pagombe limeneli mu 1535, ndipo chimodzi mwa zimene zinakokera Asipanishi kumeneko chinali mbiri ya ngale. Dzina lakuti La Paz linaperekedwa ndi Sebastián Vizcaíno mu 1596. Kwa zaka mazana, omira m'madzi anali eni nthaka pamene olemera ndi malondawo anali ena. Ndiye bukuli likamanena kuti mtundu wa dokotala unakhala ukumenya, kulanda ndi kunyoza mtundu wa Kino kwa zaka pafupifupi 400, likuwerengera kuchokera pa kufika kwa Asipanishi.

Fanizo ndi chiyani, nanga ili ndi fanizo?

Fanizo ndi nkhani yaifupi ya anthu wamba imene imanyamula phunziro lobisika pansi pake. Anthu a m'fanizo sakhala ndi mbiri yaitali, amaimira mtundu wa khalidwe. N'chifukwa chake m'bukuli dokotala alibe dzina, wansembe alibe dzina, ogula ngale ndi olondola mapazi alibenso maina. Amene ali ndi maina ndi a pabanja pa Kino: iye, Juana, Coyotito, mkulu wake Juan Tomás ndi mlamu wake Apolonia.

Wowerenga Baibulo amakumbukira msanga fanizo la pa Mateyu 13:45-46, la wamalonda amene anapeza ngale ya mtengo wapatali n'kugulitsa zonse anali nazo kuti aigule. Kumeneko ngale ikuimira Ufumu wa Kumwamba, ndipo kutaya zonse chifukwa cha iyo ndi nzeru. Kwa Kino zinatembenuka: nayenso anataya zonse, bwato, nyumba, mwana, koma chimene anatsala nacho m'manja anachiona chonyansa. Pali pamene Kino akuuza mkulu wake kuti ngaleyo yasanduka mzimu wake, ndipo akaitaya ataya mzimu wakewo. Mawu amenewa ndi amene owerenga ambiri amagwira posonyeza kuti chuma chinamulowa m'magazi.

Koma mawu oyamba a bukuli ali ndi chenjezo limene ambiri amalidumpha. Wolemba akunena kuti nkhaniyi yasimbidwa kambirimbiri mpaka mwatsala zabwino ndi zoipa zokha, zoyera ndi zakuda popanda zapakati, ndipo akupitiriza kuti ngati ili fanizo, mwina aliyense amatengamo tanthauzo lake n'kuwerengamo moyo wake. Sananene motsimikiza kuti ndi fanizo, anati ngati. Phunziro lake sanalilembe paliponse.

Dyera

Dyera ndi mtima wofuna kuposa chimene chikukuyenera, osasamala kuti wina apweteka. Kulakalaka moyo wabwino pakokha si dyera. Malire a ziwirizi ndi pamene pagona mkangano wonse.

M'bukuli dyera likuoneka poyamba mwa anthu amene ngaleyo si yawo. Mbiri itangofika m'tauni, wansembe akukumbukira malo ofunika kukonza patchalitchi ndipo akudzifunsa ngati anabatiza mwana wa Kino. Ogulitsa zovala akuyang'ana katundu amene wakhalitsa osagulidwa. Opemphapempha a pakhomo pa tchalitchi akusekerera, podziwa kuti palibe wopatsa ngati mmphawi amene walemera mwadzidzidzi. Dokotala, amene m'mawa womwewo ananena kuti iye si dokotala wa ziweto, tsopano akulengeza kuti mwanayo ndi wodwala wake, uku akulota za Paris. Wolemba akuiyerekeza tauniyo ndi chamoyo chimodzi chokhala ndi mitsempha yake, ndipo akuti mbiri ya ngale inafinya ululu m'thupi limenelo wofanana ndi wa chinkhanira.

Zimene dokotala anachita usiku umenewo n'zofunika kuziyang'anitsitsa. Mwana anali atayamba kale kupeza bwino, chotupa chikuphwa, Juana atayamwa ululu pabala n'kuikapo ndere za m'nyanja. Dokotala akufika, akutsegula chikope cha mwana n'kuuza Kino kuti ululu wabisala mkati ndipo ubwerera. Akumumwetsa ufa woyera, akulonjeza kubwera pakatha ola limodzi. Mwana akudwaladi, kusanza ndi kuphiriphitha. Dokotala akubwerera, akumupatsa timadontho ta mankhwala ena m'madzi, mwana akukhala bwino. Kenako akufunsa za malipiro ndi za kumene ngale yasungidwa, maso ake ali pa maso a Kino kuti aone kumene ayang'ane. Bukuli silinena poyera kuti anamudwalitsa dala. Kino akukayika, koma sangathe kuika moyo wa mwana pachiswe potsutsana ndi munthu wodziwa za m'mabuku. Apa ndi pamene loto la sukulu likumveka kulemera kwake: Kino akufuna kuti m'banja mwake mukhale munthu mmodzi wodziwa ngati zimene ophunzira amanena zilidi m'mabukumo.

Nanga Kino mwini? Amene amamuona wadyera amaloza mfuti. Ukwati, zovala ndi sukulu n'zomveka, koma mfuti inali chinthu chimene munthu wa mtundu wake sankachilota n'komwe, ndipo wolemba akuti itangolowa m'maganizo mwake, mipanda yonse inagwa. Amalozanso kuti Juana anamuchonderera kangapo kuti aitaye kapena aiphwanye ngaleyo, iye osamva. Komabe pamalo omwewo a mfutiwo, wolemba akuikapo ndemanga yodabwitsa. Akuti anthu amanena monyoza kuti munthu sakhutira, ukamupatsa ichi afuna icho, pamene khalidwe limeneli ndi limodzi mwa maluso aakulu amene anakweza munthu pamwamba pa nyama zokhutira ndi zimene zili nazo. Wofuna kunena kuti bukuli likuphunzitsa kukhutira ndi umphawi ayenera kulimbana ndi ndime imeneyi.

Msika wa wogula mmodzi

Akatswiri a zachuma ali ndi dzina la msika umene ogulitsa ndi ambiri koma wogula ndi mmodzi, amautcha monopsony. Pamsika wotere mtengo suchokera pa kukambirana, wogula ndi amene amaulamula, chifukwa wogulitsa alibe kwina kopita. Ku La Paz ya m'bukuli maofesi ogula ngale ndi angapo, koma onse ndi antchito a munthu mmodzi amene sitimuona n'komwe. Amalandira malipiro, ndipo chimene amanyadira ndi kugula motsika mmene angathere. Zili ngati mlimi amene wasenza thumba la soya kupita pamsika, n'kupeza masikelo asanu atapachikidwa pansi pa mitengo yosiyana, osadziwa kuti ndalama za mavenda onsewo zachokera m'thumba limodzi ndipo mtengo anagwirizana kale kusanache.

Wogula woyamba ali ndi chizolowezi chogubuduza kandalama kachitsulo pa zala zake kuseri kwa tebulo. Ngale ya Kino itaikidwa pamaso pake, nkhope sinasinthe, koma kandalama kaja kanapulumuka n'kugwera pamiyendo. Pakamwa pake panatuluka zoti ngaleyo ndi yaikulu mopitirira muyeso, yongoyenera kuionetsa anthu, ndipo anatchula ma peso (ndalama za ku Mexico) 1,000. Kino anati ndi ya 50,000. Ogula ena ataitanidwa, wina anakana n'kutchula mtengo komwe, wina anati ndi yofewa siikhalitsa, wina anati 500. Kino atainyamula kuti azipita, woyamba uja anakuwa kuti afika pa 1,500.

Madzulo ake anansi anagawanika. Ena anati 1,500 ndi chuma kwa munthu amene dzulo analibe kanthu, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ena anamutama kuti ndi mwamuna wolimba mtima ndipo kulimba kwake kudzathandiza onse. Juan Tomás anamuuza kuti akumuopera, chifukwa sanatsutse ogula okha koma dongosolo lonse la moyo wa pamalopo. Abale awiriwa anali atakumbutsana kale kuti makolo awo anayesapo kusonkhanitsa ngale zawo n'kutuma munthu kukagulitsa ku likulu, ndipo kawiri konse wotumidwayo sanabwerere. Wansembe ankalalikira chaka ndi chaka kuti chimenecho chinali chilango kwa anthu ofuna kuchoka pamalo amene Mulungu anawaika. Mutu umenewu, wachinayi, ndi umene ukuonetsa bwino kuti kwa Steinbeck dyera silikhala mumtima mwa munthu mokha. Likhoza kumangidwa m'kayendetsedwe ka msika mpaka wolichita osadziona wolakwa.

Nkhanza zooneka ndi zosaoneka

Nkhanza ndi kupweteka munthu pogwiritsa ntchito mphamvu zimene uli nazo pa iye. Zina zimatulutsa magazi, zina zimachitika ndi mawu aulemu ndi chitseko chotsekedwa. Magazi oyamba a Kino m'bukuli akutuluka ngale isanapezeke. Wantchito wa dokotala, munthu wa mtundu wake womwe, atamubwezera tingale tija n'kunama kuti bwana achoka, Kino anaima nthawi yaitali pachipata, kenako anachimenya ndi chibakera mpaka zala zinang'ambika. Ukali unalipo kale, ngale inangoupezera njira.

Kuchokera apo nkhanza zikukwera ngati makwerero. Usiku woyamba Kino akubaya mumdima munthu amene sakumuona, iye n'kuvulala pamutu. Usiku wotsatira akumenyedwa kunja kwa nyumba yake. Kenako pakubwera chochitika chimene chimawawa kuwerenga kuposa zonse. Juana akudzuka mwakachetechete, akutenga ngale kuti akaiponye m'nyanja. Kino akumupeza dzanja lili m'mwamba, akumumenya kumaso, ndipo atagwa pamiyala akumuponda m'nthiti. Uyu ndi mkazi amene m'mawa uliwonse amamuphikira timikate ta chimanga, amene anayamwa ululu paphewa la mwana wawo. Palibe wogula kapena dokotala amene anagwira dzanja la Kino pamenepa. Amene amati mavuto onse anachokera kunja amavutika kufotokoza chochitikachi.

Pobwerera kuchokera kugombe, anthu akumugwira mumdima ndipo akupha mmodzi ndi mpeni. Juana ndi amene akutola ngale panjira n'kumubwezera, chifukwa ataona mtembo wadziwa kuti moyo wakale watha. Bwato limene linabooledwa linali la agogo ake, lochokera ku Nayarit, chuma chokhacho chimene chinkatsimikiza kuti banja lidya. Amene anachita zonsezi satchulidwa, amangooneka ngati zithunzithunzi za usiku.

Kumapiri, Kino akuvula zovala zake zoyera kuti asaoneke, akutsika pathanthwe ngati buluzi kulunjika pamene pali omulondola aja. Mwana akulira m'phanga mmene wabisala ndi Juana, womulondola wa mfuti akuganiza kuti ndi kamwana ka coyote, chilombo chofanana ndi nkhandwe, ndipo akuombera komweko. Kino akumubaya, akulanda mfuti, akuphwanya mutu wa wachiwiri. Wachitatu anali akuthawa, atagwera m'dziwe, maso ali odzaza mantha, ndipo Kino anamuombera pakati pa maso. Kupha koyamba kunali kodziteteza. Kwa womalizayu n'kovuta kunena chimodzimodzi. Mfuti imene ankailota anaipezadi, ndipo ndi yomweyo imene inapha mwana wake.

Munthu ngati nyama yosakidwa

Kalembedwe kosonyeza munthu akukankhidwa ndi mphamvu zomuposa, monga umphawi, chibadwa ndi malo amene wakulira, kamatchedwa naturalism. Kanakula ku France ndi Émile Zola m'zaka za m'ma 1800, ndipo ku America kanafika kudzera mwa olemba ngati Frank Norris. Buku la Norris la 1899, McTeague, ndi loyenera kuliika pambali pa The Pearl. Mmenemo mkazi akupambana madola 5,000 pa lotale n'kusanduka woumira, mwamuna wake akumupha chifukwa cha ndalamazo, ndipo nkhani ikuthera m'chipululu cha Death Valley, mwamunayo atamangidwa unyolo kudzanja la mtembo wa mnzake wakale, madzi palibe. Filimu yake ya 1924 inangotchedwa Greed. Kwa Norris chuma chimadzutsa chilombo chimene chinali kale m'magazi a munthu.

Steinbeck anatengako zina. Nkhani ikamapita, Kino akufotokozedwa ndi mawu a nyama, kusosola mano, kufwenthera ngati njoka, kuthawira kumtunda monga zimachitira nyama zothamangitsidwa. Pali ndime zimene nsomba zazikulu zikudya zazing'ono ndi mbalame za usiku zikusaka mbewa, anthu ali m'nyumba akumva. Ricketts ankalimbikitsa kuyang'ana chinthu mmene chilili m'malo mothamangira kufunsa wolakwa, ndipo maganizo amenewa analowa kwambiri m'zolemba za mnzakeyo. Kusiyana kwake n'kwakuti Kino sakuthera m'chipululu. Akubwerera kwawo masana anthu akuona, Juana akuyenda pambali pake osati pambuyo monga kale. Pagombe akumupatsa mkaziyo ngale kuti aponye, iye akukana n'kuti aponye mwini wake.

Mafunso amene akadali poyera

Kodi kuponya ngale kuja ndi kugonja kapena kupambana? Ena amati Kino wavomereza zimene wansembe ankalalikira, kuti mmphawi akhale pamalo pake. Ena amati wakaniza ogula, dokotala ndi akuba chinthu chimene onse ankachifuna, ndipo wasankha yekha. Bukuli silinena chimene chinamuchitikira pambuyo pake, ngakhale anapha anthu anayi.

Kodi akanalandira 1,500 zinthu zikanatha bwino? Wakuba woyamba anabwera asanapite n'komwe kwa ogula, ndipo dokotala anali akudikira malipiro ake. Komanso n'zoona kuti ngale ikanachoka m'nyumba, chowakokera achiwembu chikanachepa.

Palinso funso la Juana. Iye ndi amene anaona ngozi poyamba, komabe wolemba akuti atamenyedwa sanakwiye, chifukwa ankamvetsa kuti mwamuna ndi wotero ndipo ankamufuna. Kodi apa Steinbeck akungofotokoza maganizo a mkazi wa nthawi ndi malo amenewo, kapena akuchepetsa kulemera kwa nkhanza za m'banja?

Ena amafunsa ngati mlendo wochokera ku California akanatha kulemba moona za eni nthaka a ku Mexico. Anawalemba mwachifundo, koma anawapatsa moyo wosalira zambiri, wa nyimbo za mumtima ndi mawu ochepa, umene owerenga ena amauona ngati chithunzi chokongoletsedwa cha umphawi. M'mawa woyamba uja, chinkhanira chisanatsike pachingwe, ukuoneka wamtendere kwambiri, pamene banja lomwelo silikanatha kulipira dokotala.

Ndipo pali funso la wolembayo. Analemba nkhaniyi atalemera ndi kutchuka mwadzidzidzi chifukwa cha The Grapes of Wrath, banja lake loyamba litatha mu 1943, atabwerako kunkhondo kumene anali mtolankhani. Owerenga ena amaona Kino ngati Steinbeck mwini, ena amaona dziko la America limene linkatuluka m'nkhondo lili lolemera ndi lamphamvu kuposa kale. Kodi bukuli likuchenjeza munthu wosauka za kuopsa kwa kulota, kapena likuimba mlandu dziko limene mmphawi sangagulitse chake pa mtengo woyenera popanda kukhetsa magazi?